Zolemba za ntchito ya modemu: mawaya a RTS ndi CTS

Loweruka, kumayambiriro kwa Juni

Makina awiri aja tsopano akuyimbirana. Mbali ino kuli kompyuta ya 486 yoyendera MS-DOS, pulogalamu ya Telix yoyankhulira ndi modemu, ndi modemu ya USRobotics Sportster 14,400 yokhala kunja kwa kompyuta. Mbali inayo kuli kompyuta ya Linux yokhala ndi serial port yeniyeni (poti yolumikizira modemu), pulogalamu ya minicom yogwira ntchito ngati Telix, ndi modemu ya chipu cha Rockwell. Pakati pake ndayika ka PABX kakale ka mu ofesi, kabokosi kolumikiza mafoni a m'nyumba imodzi, kuti modemu ina izitha kuyimbira inzake popanda laini ya kunja. Cholinga changa n'kudzutsa kasiteshoni ka FidoNet, netiweki ya makompyuta oyimbirana pa foni, kuti achinyamata amene ndimawaphunzitsa zokonza makompyuta aone ndi maso awo momwe mafayilo ankayendera pa waya wa foni. Makalata a imelo a ku Chancellor College ku Zomba ankadutsa pa FidoNet m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, intaneti isanafike kuno, ndiye si nkhani ya kutali ayi.

Mamodemu akugwirizana bwinobwino pa liwiro la mabiti 14,400 pa sekondi ndipo V.42, njira yawo yokonza zolakwika za pa laini, ikugwira. Kulemberana mawu pa sikirini kulibe vuto. Vuto layamba potumiza fayilo kuchokera ku 486 kupita ku Linux pa ZMODEM, imodzi mwa njira zotumizira mafayilo. Imayamba mothamanga, kenaka nambala ya zolakwika imayamba kukwera, pulogalamu n'kubwerera m'mbuyo, n'kuchepetsa kukula kwa zigawo zomwe ikutumiza, n'kuyambanso. Fayilo imafika ndithu, yathunthu, koma itatenga nthawi yochuluka kuposa yoyenera.

Pa njira ina ya XMODEM fayilo yomweyo ikudutsa popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Zimenezi zandiuza kuti laini ilibe mlandu. XMODEM, imene Ward Christensen analemba mu 1977, imatumiza mabaiti 128 basi n'kuyima kudikira yankho la mbali inayo. Mabaiti 128 sangadzaze buffer ya modemu, malo amene imasungamo data podikira kuyitumiza. ZMODEM ya Chuck Forsberg, ya mu 1986, siyidikira: imangothira mosalekeza mpaka wolandira atadandaula.

Lamlungu madzulo

Ndachita masamu. Poti ya kompyuta ndinayiyika pa 57,600. Baiti iliyonse imayenda ndi biti yoyambira ndi biti yotsekera, kutanthauza mabiti 10, choncho kompyuta ikuthira mabaiti 5,760 pa sekondi m'modemu. Laini ya 14,400 imanyamula mabaiti osapitirira 1,800 pa sekondi, ndipo V.42 ikatengapo gawo lake pamatsala chapamwamba pa 1,600. Fayilo ya ZIP, yomwe ndi yopanikiza kale, V.42bis, njira ya modemu yofinya data, siyingayifinyenso. Ndiye pa sekondi iliyonse mabaiti pafupifupi 4,000 akutsalira m'modemu opanda kolowera. Zili ngati pachigayo: wothira chimanga amayang'ana dzanja la mwini makina, akakweza dzanja amasiya kuthira, akatsitsa amayambanso. Panopa kompyuta yanga ikuthira osayang'ana dzanja la aliyense.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndingotsitsa liwiro la poti nkhani ithe. Sindikugwirizana nazo. Ndikatsitsa kufika pa 19,200, kompyuta izithirabe mabaiti 1,920 pa sekondi, omwe akuposabe zomwe laini inganyamule. Buffer idzadzabe, kungoti mochedwerapo, ndipo zolakwika zidzayamba kubwera mwa apo ndi apo, zomwe n'zovuta kuzifufuza kusiyana ndi zobwera nthawi zonse. Ndikatsitsa kufika pa 9,600 zolakwika zitha, koma ndiye kuti modemu ya 14,400 ndayisandutsa ya 9,600, ndipo phindu lonse la V.42bis, yomwe imatha kufinya mawu wamba mpaka kanayi, ndalitaya. Mamodemu a m'badwo uno anapangidwa kuti poti izithamanga kuposa laini. Chomwe chikufunika ndi njira yoti modemu iziuza kompyuta kuti "taima kaye".

Lachiwiri

Ndayesa kaye njira ya XON/XOFF, popeza siyifuna waya wina wowonjezera. Modemu ikadzaza imatumiza khodi 19, XOFF, yomwe ndi Ctrl-S, ndipo ikapepuka imatumiza khodi 17, XON, yomwe ndi Ctrl-Q. Kompyuta nayo ingauze modemu chimodzimodzi. Pa ZMODEM zolakwika zachepa kwambiri, chifukwa ZMODEM imabisa makhodi awiriwa ikawapeza m'fayilo: imatsogoza khodi 24 n'kusintha baitiyo kuti modemu isayizindikire, wolandira n'kuyibwezeretsa.

Koma XMODEM, yomwe inali bwinobwino, yafa, ndipo momwe yafera pandisangalatsa kwambiri. Ngakhale fayilo ya mawu okhaokha, yopanda khodi yachilendo iliyonse, ikumayima itangotumiza mabaiti 2,048. Chifukwa chake n'chakuti XMODEM imalemba nambala ya chigawo chilichonse kumayambiriro kwake ngati baiti imodzi. Zigawo 16 za mabaiti 128 zimadutsa, zomwe ndi 2,048 ndendende. Chigawo cha 17 chimanyamula nambala 17, modemu n'kuyesa kuti ndi XON ya kompyuta, n'kuyimeza. Chigawocho chimafika choperewera baiti imodzi, wolandira amachikana, wotumiza amachibwereza, modemu n'kumezanso. Chikanati chidutse, chigawo cha 19 chinali kudikira kutsogolo ndi XOFF.

Pali vuto lina lomwe silionekera msanga. XOFF imayenda mumsewu womwewo wa data, choncho iyenera kuima pamzere, kulandiridwa, n'kuwerengedwa ndi pulogalamu kompyuta isanasiye kutumiza. Ndipo XON ikasowa panjira, mbali zonse ziwiri zimangokhala chete kudikirana. XON/XOFF ndayizimitsa paliponse. Pa mafayilo njira yake ndi ya mawaya awiri a m'chingwe cha modemu, RTS ndi CTS: modemu imaletsa kompyuta potsitsa CTS, kompyuta imaletsa modemu potsitsa RTS.

Lachinayi usiku

Ndatsegula CTS/RTS mu Telix koma palibe chasintha. Zolakwika zikubwera monga poyamba. Kenaka ndayang'anitsitsa timagetsi ta kutsogolo kwa Sportster. Pali kena kolembedwa CS, kamene kamasonyeza CTS. Kamayenera kuzima modemu ikafuna kuti kompyuta isiye kutumiza, koma kakungoyaka osaphethira. Ndiye modemuyo siyikugwiritsa ntchito CTS n'komwe.

Lamulo la ATI4 laonetsa momwe modemu ilili panopa: &H0, kutanthauza kuti palibe kuletsa kulikonse pa data yochokera ku kompyuta. Apa pofunika kusamala, chifukwa mamodemu sagwirizana pa malamulo amenewa. Pa USRobotics zinthu zinagawidwa: &H1 imauza modemu kugwiritsa ntchito CTS poletsa kompyuta, &R2 imayiuza kumvera RTS ya kompyuta isanayipatse data, &I0 imazimitsa XON/XOFF ya mbali yolandira, ndipo &B1 imakhomerera liwiro la poti kuti lisamatsatire la laini. AT&F1 imabweretsa zonsezi pamodzi. Pa modemu ya Rockwell, monganso pa za Hayes, lamulo ndi limodzi, &K3, ndipo zomwe zasungidwa zimaoneka ndi AT&V. Koma &K3 yomweyo pa USRobotics ndi nkhani ya kufinya data, osati ya RTS ndi CTS. Munthu akakopera init string, mzere wa malamulo oyambitsira, ya modemu ina n'kuyika pa inzake, modemu imayankha OK mokhulupirika pamene yachita china. Bungwe la ITU linadzakhazikitsa lamulo limodzi, AT+IFC=2,2, koma mamodemu akale ambiri salidziwa.

Ndalemba AT&F1 kenaka AT&W kuti zisungike. CS tsopano ikuphethira potumiza fayilo. Koma zolakwika zikadalipo.

Loweruka

Modemu ikukweza ndi kutsitsa CTS, pulogalamu yauzidwa kuyimvera, koma kompyuta siyikuyima. Chotsala ndi chingwe.

Chingwechi ndinachipeza m'bokosi limodzi ndi modemu: mapini 9 mbali ya kompyuta, 25 mbali ya modemu. Ndachiyeza ndi multimeter pini ndi pini. Mawaya odutsa kuchoka mutu wina kufika wina ndi atatu okha: wotumiza, wolandira ndi wa ground. Nditamasula chivundikiro cha mbali ya kompyuta ndapeza kawaya kakafupi kolumikiza pini 7 ndi pini 8, ndi kena kolumikiza 1, 4 ndi 6. Ndiye kuti RTS ya kompyuta imangozungulira n'kubwerera kwa iyo yomwe ngati CTS. Kompyuta imadzifunsa yokha ngati ingatumize, n'kudziyankha yokha kuti inde. Zingwe zotere zinalipo zambiri ndipo zinali ndi ntchito yake, pa matheminolo ndi zipangizo zoyenda pang'onopang'ono. Kunja sizisiyana ndi chingwe cha modemu, n'chifukwa chake ndikulangiza aliyense woyamba ntchito ngati iyi kuti ayeze chingwe asanakhudze china chilichonse.

Ndawotcherera chatsopano cha mawaya onse asanu ndi anayi. Ndikulemba pano kuti ndisadzafufuzenso, nambala yoyamba ndi ya mbali ya mapini 9, yachiwiri ya mapini 25: 1 ku 8 ndi DCD, 2 ku 3 ndi data yolandira, 3 ku 2 ndi data yotumiza, 4 ku 20 ndi DTR, 5 ku 7 ndi ground, 6 ku 6 ndi DSR, 7 ku 4 ndi RTS, 8 ku 5 ndi CTS, 9 ku 22 ndi RI.

Fayilo ya ZIP yochokera ku 486 yadutsa popanda cholakwika, pa mabaiti opitirira pang'ono 1,600 pa sekondi. CS imayaka pang'ono, kuzima nthawi yotalikirapo, kuyakanso, zomwe zikugwirizana ndi masamu aja: kompyuta imangofunika kutumiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi, kwinako n'kudikira. Fayilo ya mawu wamba yathamanga kuposa kawiri, ndipo CS yazima mwa apo ndi apo chabe chifukwa V.42bis ikufinya.

Pambali pang'ono, chifukwa ophunzira anga adzafunsa. Mu RS-232 yoyambirira, ya m'ma 1960, RTS sinali ya ntchito imeneyi. Mamodemu ena a nthawiyo sankatha kutumiza ndi kulandira nthawi imodzi. Theminolo inkakweza RTS popempha laini, modemu n'kuyatsa carrier yake, kaphokoso konyamula data pa laini, n'kuyankha ndi CTS kuti tsopano yambani. Mamodemu atayamba kuyenda mbali zonse nthawi imodzi, waya wa RTS unatsala wopanda ntchito yeniyeni, ndipo opanga zipangizo anaupatsa ina: kompyuta ikaukweza ikunena kuti ili ndi malo olandirira, ikautsitsa ikuuza modemu kuti isunge kaye. Choncho mawaya awiriwa masiku a mamodemu a 14,400 sayankhana. CTS imateteza buffer ya modemu, RTS imateteza ya kompyuta. Lero ndakonza mbali ya CTS yokha.

Lolemba

Mbali ya Linux sinavute. Mu minicom, pa Serial port setup, Hardware Flow Control ikhale Yes, Software Flow Control ikhale No. Ndatsimikiza ndi stty -F /dev/ttyS0 -a kuti crtscts ilipo. Modemu ya kumeneko ndayipatsa &K3. Chingwe chake ndachiyeza, chili chathunthu.

Tsopano kulandira pa 486. Zolakwika zilipo, koma khalidwe lake ndi lina. Sizibwera motsatana ngati zija. Zimabwera kamodzikamodzi, ndipo ndaona kuti nthawi zambiri zikugwirizana ndi kuyaka kwa kagetsi ka hard disk. Fayilo ya mawu ndiyo ikuvutika kwambiri kuposa ya ZIP.

Lachitatu mpaka Lachisanu

Apa ndiye pamene pandidyera nthawi, ndipo ndi pamene ndaphunzirapo zambiri.

Poyamba zinkaoneka zosamveka. RTS ilipo, modemu ikuyimvera, nanga mabaiti akusowera kuti? Yankho lili pa yemwe amatsitsa RTS. Pa makompyuta awa si chipu cha poti chimene chimatsitsa, ndi pulogalamu. Pulogalamu imaona kuti buffer yake mu memory yatsala pang'ono kudzaza, n'kulemba mu register ya UART, chipu cha poti chija, kuti RTS itsike. Zimenezi zimathandiza ngati pulogalamu ikuchedwa kukonza zomwe yalandira kale. Koma kutaya kwa panoku kukuchitika pasanafike pamenepo, mkati mwa UART mwenimweni.

UART ya 8250 kapena 16450 imasunga baiti imodzi yokha yolandiridwa. Pa 57,600 baiti yatsopano imamalizika pa ma microsecond 174 aliwonse. Purosesa ikapanda kubwera kudzatenga yoyamba yachiwiri isanamalizike, yachiwiriyo imalemba pamwamba pa yoyamba, ndipo imeneyo ndiyo overrun. Polemba pa diski pamakhala nthawi yomwe ma interrupt, njira imene chipu chimayitanira purosesa, amatsekedwa kapena kuchedwetsedwa, makamaka ngati pali pulogalamu yosunga zolemba mu memory n'kudzazitsanulira pa diski nthawi imodzi. Panthawi imeneyo purosesa siyimva kuyitana kwa UART, ndipo pulogalamu yomwe ikanatsitsa RTS nayo siyikuyenda. Modemu imaona RTS ili m'mwamba n'kupitiriza kupereka. Komanso musanyengedwe ndi liwiro la laini: ngakhale laini ndi ya 14,400, modemu ya V.42 imasonkhanitsa chigawo chonse, kuchiyeza, kenaka n'kuchikhuthulira ku kompyuta pa liwiro lonse la poti. Mabaiti amabwera mwa magulumagulu, otalikirana ma microsecond 174 omwewo.

Kuti ndidziwe chipu chomwe chili pa khadi ndagwiritsa ntchito DEBUG ya DOS. COM1 imayambira pa 3F8, ndipo register yofunika ili pa 3FA. Ndalemba o 3fa 1 kuti ndiyatse FIFO, kamzere kosungira mabaiti angapo m'chipu, ngati ilipo, kenaka i 3fa. Chipu cha 16550A chimayankha C1. Changa chayankha 01: FIFO palibe. Nditachotsa khadi ndapeza 16450 ya mapini 40, mwamwayi yokhala pa soketi.

Podikira chipu china ndayesa zinthu ziwiri. Choyamba, kuzimitsa kusunga zolemba mu memory, kuti diski izilembedwa pang'onopang'ono nthawi yomweyo. Zolakwika zachepa koma sizinathe. Chachiwiri, kugwiritsa ntchito DSZ, pulogalamu ya ZMODEM ya Forsberg mwini wake, ndi lamulo la handshake slow. Nzeru yake ndi yosavuta ndipo ndaikonda: pulogalamu imadziwa nthawi yomwe ikufuna kulemba pa diski, ndiye imatsitsa RTS isanayambe, n'kuyikweza ikamaliza. M'malo modikira kuti vuto lioneke, imaletsa modemu pasadakhale. Ndi zimenezi kulandira kwayera pa 16450 yomweyo, ngakhale liwiro la fayilo ya mawu latsikako. Ndiye RTS imathandiza ndithu pa overrun, pokhapokha pulogalamu ikadziwiratu nthawi yomwe purosesa ikhale yotanganidwa.

Loweruka lotsatira

Chipu cha 16550AFN chapezeka pa khadi lina lakufa. Chalowa pa soketi yomweyo popanda kusintha kalikonse, ndipo DEBUG tsopano ikuyankha C1. Chilembo cha A n'chofunika: 16550 yoyambirira inali ndi FIFO yosadalirika, ndipo imeneyo imayankha 81.

FIFO yake imasunga mabaiti 16, ndipo munthu amasankha kuti chipu chiziyitana purosesa mukalowa mabaiti angati: 1, 4, 8 kapena 14. Ambiri amasankha 14 poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino. Pa 14 purosesa imayitanidwa kochepa, inde, koma m'FIFO mumatsala malo a mabaiti awiri okha, pafupifupi ma microsecond 350 pa 57,600. Pa 8 mumatsala malo asanu ndi atatu, pafupifupi ma microsecond 1,400. Pa makina a DOS opanda ntchito ina, ndasankha 8. Handshake slow ndayichotsa, ndipo kulandira kukadali koyera.

FIFO ili ndi mbali inanso yoyenera kukumbukira. Potumiza, pulogalamu imathira mabaiti 16 m'chipu nthawi imodzi. CTS ikatsika, 16550A payokha siyiyima. Imamaliza kutulutsa zomwe zili m'FIFO, ndipo pulogalamu ndiyo imasiya kuwonjezera. Modemu iyenera kutsitsa CTS ikadali ndi malo olandirira otsalawo. Sportster ikuwalandira popanda vuto. Machipu a pambuyo pake monga 16750 ndiwo amatha kuyang'anira RTS ndi CTS okha popanda kudikira pulogalamu.

Lachiwiri

Tsiku loyesa mwakhama. Chimene ndatengapo pa ntchito yonseyi n'chakuti kufika kwa fayilo pa ZMODEM si umboni woti zinthu zili bwino. ZMODEM inapangidwa kuti izipirira: ikataya mabaiti imabwerera n'kutumizanso, ndipo munthu amangoona kuti fayilo yafika koma mochedwa, n'kunamizira laini ya foni. Ndikukhulupirira kuti anthu ambiri masiku amenewo ankalipira mabilu akuluakulu a foni chifukwa cha chingwe cha mawaya atatu kapena chipu cha 16450, akuganiza kuti ndi phokoso la pa laini. Pomwe V.42 ikugwira, phokoso la pa laini limakonzedwa ndi mamodemu okhaokha ndipo silifika ku ZMODEM. Nambala ya zolakwika ikakwera pa kulumikizana kwa V.42, malo oyamba kukayang'ana ndi pakati pa kompyuta ndi modemu, pa desiki pomwepo.

Choncho ndayesa ndi YMODEM-g, yomwe siyikhululuka: imatumiza osadikira yankho, ndipo cholakwika chimodzi chimathetsa zonse. Linux ikutumiza ndi pulogalamu ya sb, Telix ikulandira. Fayilo yaikulu ya ZIP yafika mpaka kumapeto, ya mawu nayonso. Mbali yobwerera ndagwiritsa ntchito ZMODEM ndikuyang'ana nambala ya zolakwika, ndipo yakhala pa 0. Mu /proc/tty/driver/serial mulibe oe pa poti imeneyo, kutanthauza kuti Linux nayo sinataye baiti. XMODEM yadutsa chigawo cha 17 ndi cha 19 bwinobwino.

Ndayesanso kukweza poti kufika pa 115,200. Ikugwira, koma palibe phindu: pa mafayilo angawa V.42bis siyikufinya mokwanira moti liwiro la 57,600 lichepe. Ndabwerera pa 57,600. Liwiro la 115,200 lidzafunika ndikadzapeza mamodemu awiri othamanga kuposa awa, a V.34.

Zotsala

PABX yanga ili ndi laini yoyera kwambiri, choncho sindinaonebe zomwe zimachitika mamodemu akayamba retrain, kuyezanso laini ndi kugwirizananso, pakati pa fayilo. Nthawi imeneyo CTS imatha kukhala pansi masekondi angapo, ndipo ndikufuna kuona ngati mapulogalamu adikire kapena ataye mtima n'kudula. Ndilumikiza waya wautali wa foni n'kuudutsitsa pafupi ndi zinthu za phokoso kuti ndiyese zimenezo.

Kenaka ndi kuyika FrontDoor, pulogalamu yonyamula makalata a FidoNet, pamodzi ndi driver yoyendetsa poti ya mtundu wa FOSSIL, X00 kapena BNU. Kumeneko kuyang'anira CTS ndi RTS kumachoka m'manja mwa Telix n'kupita kwa driver, ndiye poti iyenera kukhomereredwanso pa 57,600 ndipo FIFO iyatsidwe kuchokera ku driver yomweyo. Mayeso onse a Lachiwiri ndidzawabwereza ndikamaliza kuyika. Chingwe cha mawaya atatu chija ndachimata chizindikiro chofiira n'kuchisunga, chifukwa ndikufuna ophunzira adzachilumikize okha, aone CS ikuphethira kompyuta osayima, n'kupeza chifukwa chake ndi multimeter.